Nkhosa zimene zinkadya anthu ku England

M'chaka cha 1515 mfumu ya ku England, Henry VIII, inatuma loya wa ku London, Thomas More, kukakambirana za malonda ku Flanders, dera limene mbali yake yaikulu lero ili ku Belgium. Zokambiranazo zitaima, iye anapita ku Antwerp kukacheza ndi Peter Giles, mnzake wa Erasmus, katswiri wa maphunziro wotchuka wa nthawiyo. Pa ulendo umenewu m'pamene anayamba kulemba Utopia, buku limene linasindikizidwa m'Chilatini ku Leuven mu 1516.

Ambiri amalikumbukira chifukwa cha chilumba chongopeka chimene chili m'menemo, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya nkhosa. Nthawi imeneyo ku England ubweya wa nkhosa unali pa ndalama, motero eni malo, ngakhalenso akuluakulu ena a tchalitchi, anayamba kutchinga minda kuti ikhale msipu. Pamene pankalima mabanja ambiri pankatsala mbusa mmodzi. Alimi ankagulitsa tikatundu tawo motaya, n'kuyamba kuyendayenda ndi ana awo. Njala ikawapana ankaba, akagwidwa ankanyongedwa. More analemba kuti nkhosa, zofatsa zija, zalusa mpaka zikudya anthu, ndipo anadzudzula dziko limene limasandutsa anthu mbava kenako n'kuwapha.

Chilumba chija ndilo yankho lake. Chili ndi mizinda 54, ndipo palibe wonena kuti munda uwu ngwanga. Aliyense amaphunzira kulima, ntchito ndi ya maola 6 patsiku, nyumba amasinthana mwa maere pakapita zaka 10. Golide amapangira miphika yokodzeramo usiku kuti pasapezeke womusirira. Koma golide yemweyo amasuliranso maunyolo a akapolo, pakuti akapolo aliko, ndipo munthu sapita kumzinda wina wopanda chilolezo. Pamenepa pamandiwawa, chifukwa amene analirira alimi othamangitsidwa sanaone vuto kumanga ena unyolo.

Ophunzira a nthawiyo, amene ankakonda kuwerenga Plato ndi Cicero, anzeru akale a ku Girisi ndi ku Roma, ankatsutsana ngati munthu wanzeru ayenera kulowa m'bwalo la mfumu kukalangiza. Mkanganowu ulimo m'bukuli, ndipo More anasankha kulowa. Mu 1529 anakhala Lord Chancellor, nduna yaikulu ya mfumu pa zamalamulo, n'kulimbana koopsa ndi otsatira a Martin Luther, amene anagalukira mpingo wa Katolika, chonsecho pachilumba chake anthu azipembedzo zosiyana amakhala mwamtendere. Atakana kuvomereza kuti mfumu ndiyo mutu wa mpingo ku England, anamutsekera m'ndende ya Tower of London, ndipo pa 6 Julaye 1535 anamudula mutu.