Zoti petulo wa pa filling station yakale anauma, tiyeni tizione bwino

Ndatopa nayo nkhani iyi, zaka zonsezi anthu akungoti malo omwe panali filling station akatsekedwa basi petulo amauluka yekha, ndiye madzi a pachitsime kapena mjigo wapafupi ndi abwinobwino bola asakununkha. Sizili choncho abale.

Matanki osungiramo petulo aja amakwiriridwa pansi, akachita dzimbiri amadontha pang'onopang'ono osaoneka. Pansipo kulibe dzuwa kapena mphepo yoti iumitse, petulo amatsika mpaka kukayandama pamwamba pa madzi apansi poti ndi wopepuka, ndipo zina mwa zomwe zili mkati mwake monga benzene zimasungunuka m'madzimo nkumayenda nawo kwa zaka zambiri. Benzene ameneyu amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo mlingo woopsa umafika mphuno isanamve kalikonse. Kuthira klorini sikumuchotsa, klorini ndi wa majeremusi.

Pofuna kuyeza ngati madziwo aipitsidwa, akatswiri amakumba timijigo ting'onoting'ono mozungulira malowo, kumtunda ndi kumunsi komwe madzi apansi akulowera, nkumatunga madzi nthawi ya dzinja ndi chilimwe pomwe chifukwa madzi amakwera nkutsika. Amadzaza timabotolo tagalasi osasiya mpweya ngakhale pang'ono, kutisunga pozizira mpaka ku labu.

Ndiye wina akakuuzani kuti madziwo ali bwino, mufunseni modekha kuti anayezedwa liti, komanso anayeza benzene kapena majeremusi okha, aonetse pepala la zotsatira. Ngati palibe, musafalitse zimenezo pa gulu lanu, kafunseni kaye a zaumoyo kapena a zamadzi kwanuko.