Imfa ya Jesse Gelsinger ndi malamulo a chithandizo cha majini

Kuchokera mu Disembala 2023, pamene bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza Casgevy, chithandizo chokonza majini a odwala sickle cell, anthu akukangana za mtengo wake, umene nthawi imeneyo unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni pa wodwala mmodzi, chonsecho ana ambiri obadwa ndi matendawa ali kuno ku Africa. Ena akuloza chala malamulo okhwima a kafukufuku, akuti ndiwo amachedwetsa ndi kudulitsa mankhwala. Ena mwa malamulowo anakhwima chifukwa cha zimene zinachitika ku University of Pennsylvania mu Seputembala 1999, pamene mnyamata Jesse Gelsinger anafa m'kafukufuku woyesa chithandizo cha majini.

Jesse Gelsinger wa ku Tucson anali ndi zaka 18. Chiwindi chake sichinkapanga mokwanira enzyme ya OTC, puloteni imene imathandiza kuchotsa m'magazi ammonia, poizoni amene amapangika thupi likamagaya mapuloteni. Ana aamuna amene alibiretu enzyme imeneyi nthawi zambiri amakomoka n'kumwalira patangopita masiku ochepa atabadwa. Jesse anali ndi mtundu wocheperako mphamvu, ndipo ankakhala bwino podya zakudya za mapuloteni ochepa ndi kumwa mapiritsi ambiri tsiku lililonse.

Nanga munthu amene sanali pafupi kufa analowa bwanji m'kafukufukuyu? Poyamba ofufuza ankaganiza zoyesa pa makanda odwala mwakayakaya. Arthur Caplan, katswiri wa za chikhalidwe choyenera m'zachipatala pa yunivesiteyo, analangiza kuti kholo limene mwana wake akufa silingavomere momasuka, choncho ndi bwino kuyesa pa akuluakulu otha kudzisankhira. Mfundoyo ndi yomveka, koma yonse inadalira chinthu chimodzi: kuti wosainayo auzidwe zonse.

Pa 13 Seputembala madokotala analowetsa kachubu mu mtsempha wopita kuchiwindi, ndipo Dr. Steven Raper anathiramo adenovirus (vayirasi woyambitsa chimfine) wofooketsedwa, wonyamula jini yabwino ya OTC. Jesse anali munthu wa nambala 18, ndipo analandira mlingo waukulu kwambiri, mavayirasi pafupifupi 38 thililiyoni. Usiku womwewo thupi linatentha kwambiri. M'mawa maso anachita chikasu. Chitetezo cha m'thupi chinalimbana ndi vayirasiyo mopyola muyezo, magazi anasokonekera kaundanidwe kake, kenako mapapo ndi ziwalo zina zinasiya kugwira ntchito. Anamwalira pa 17.

Zimene FDA inapeza pambuyo pake ndi zimene zimapweteka. Anyani ena anali atafa poyesedwa ndi mlingo waukulu wa vayirasi wofanana naye, koma chikalata chimene Jesse anasaina sichinatchule zimenezo. Anthu ena m'kafukufukuyu anali atavulala chiwindi kufika pofunika kuimitsa kaye ntchitoyo ndi kudziwitsa boma, koma izi sizinachitike moyenera. Ammonia wa Jesse anali atakwera kupitirira malire olembedwa m'malamulo a kafukufukuyu. Pamenepa mbali ziwiri zimasiyana: FDA inati sankayenera kubayidwa, ofufuza anati kukwerako sikunali koopsa ndipo sikumene kunamupha. N'kutheka kuti ofufuzawo akunena zoona pa chimene chinamupha, koma malirewo anawalemba okha. Palinso nkhani ya ndalama: James Wilson, mkulu wa gulu lofufuza za majini limene linkachita kafukufukuyu, anali ndi masheya mu Genovo, kampani imene ikanapindula, ndipo yunivesite nayonso inali nawo. Iye wakhala akukana kuti ndalama zinakhudza zosankha zake. Bambo a Jesse, a Paul Gelsinger, amene poyamba ankaikira kumbuyo madokotalawo, anasintha maganizo atamva zimene sanauzidwe.

Chifukwa chimene Jesse anafera pamene mayi wina amene analandira mlingo wofananawo anapulumuka sichinatsimikizikebe mpaka lero. Akatswiri ena amaganiza kuti thupi lake linali litakumanapo kale ndi adenovirus.

FDA inaimitsa kafukufuku wa majini wa gulu la Wilson mu Januwale 2000. Zinadziwikanso kuti ofufuza m'malo ena ambiri sankapereka ku NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, malipoti a mavuto amene odwala ankakumana nawo. Patapita zaka zochepa ana ena ku France amene analandira chithandizo cha majini cha SCID, matenda obadwa nawo osowa chitetezo cha m'thupi, anadwala khansa ya m'magazi, ndipo ntchito yonse inabwerera m'mbuyo. Banja la Jesse linagwirizana ndi yunivesite kunja kwa khoti mu 2000. Mlandu wa boma unatha mu 2005: yunivesite inalipira madola opitirira pang'ono 500,000, Wilson anamuikira ziletso pa kafukufuku wa pa anthu kwa zaka zisanu, ndipo palibe amene anavomera kulakwa.