Ujamaa ku Cornell: hositelo ya akuda si tsankho lobwerera pakhomo la kumbuyo

Mayi wina anabwera ku ofesi kwanga atapinda pepala m'chikwama. Mwana wawo wamkazi anali atapeza malo pa yunivesite ina ku America, ndipo tsopano ankafunika kusankha kogona. Pa mndandanda wa ma hositelo panali ina yolembedwa kuti ndi ya ophunzira ofuna kukhala pamodzi pa chikhalidwe cha anthu akuda. Mayiwo analoza mzerewo ndi chala, nkundiyang'ana m'maso. "Aphunzitsi, ndiye kuti mwana wanga akukamuika kumbali ngati nthawi ya atsamunda?"

Ntchito yanga ndi yolangiza ophunzira amene akufuna kukapitiriza maphunziro kunja, ndipo funso limeneli ndalimva kangapo. Ndi funso labwino. Munthu amene makolo ake anaonapo sukulu za azungu okha ndi zipatala za azungu okha sangaone mawu oti "nyumba ya akuda" mtima wake nkukhala m'malo. Kuti yankho limveke, tiyenera kupita kumene nyumba zoterezi zinayambira, ndipo chitsanzo chimene ndimachidziwa bwino ndi cha Cornell University, mu mzinda wa Ithaca, m'chigawo cha New York.

Cornell inakhazikitsidwa mu 1865, koma kwa zaka pafupifupi 100 ophunzira akuda anali owerengeka. M'zaka za m'ma 1960, mkulu wa yunivesiteyi, James Perkins, anayambitsa ndondomeko yoti akuda azilowa ambiri, moti pofika 1969 analipo pafupifupi 250. Kuwalowetsa pageti kunali kosavuta. Chovuta chinali zimene ankakumana nazo akalowa, makamaka usiku, makalasi atatha, aliyense atabwerera kuchipinda chake. Atsikana ena akuda anapempha nyumba yawoyawo, ndipo anapatsidwa kanyumba kotchedwa Wari House. Mu Epulo 1969, anthu ena anabwera usiku nkuyatsa mtanda panja pa nyumbayo. Ku America, mtanda woyaka moto ndi chizindikiro cha gulu la Ku Klux Klan, ndipo munthu wakuda aliyense amadziwa uthenga wake: chokani, apo ayi muona zakuda.

Pa 19 Epulo, ophunzira akuda analowa m'nyumba yaikulu ya ophunzira yotchedwa Willard Straight Hall nkudzitsekera. Anyamata ena achizungu atayesa kulowamo mokakamiza, a m'katiwo anaitanitsa mfuti kuti adziteteze. Anatuluka patapita maola 36, mfuti zili m'manja, ndipo chithunzi chawo chinafalikira m'manyuzipepala a dziko lonse. Perkins anatula pansi udindo chaka chomwecho. Chaka chotsatira, nyumba imene munali likulu latsopano la maphunziro a za Africa inatenthedwa. M'phulusa la zonsezi ndi mmene munatuluka Ujamaa Residential College, imene inatsegulidwa mu 1972.

Dzinalo si lachilendo kwa ife. Ndi liwu la Chiswahili limene Mwalimu Julius Nyerere anamangapo mfundo zake zoyendetsera dziko la Tanzania, makamaka kuchokera pa chikalata cha ku Arusha cha 1967. Limanena za kukhala monga banja limodzi. Achinyamata akuda a ku America nthawi imeneyo ankayang'ana kuno kwathu pofuna mawu odzitchulira okha, ndipo ku Stanford, ku California, nakonso kuli nyumba ya dzina lomweli. Zimandikhudza ndikaganiza kuti liwu lochokera kwa aneba athu a kumpoto linaoloka nyanja nkukakhala pakhomo la nyumba kumene kumagwa chipale chofewa.

Tsono mfundo imene ndinawauza mayi aja ndi iyi: palibe amene amaikidwa ku Ujamaa chifukwa cha khungu lake. Wophunzira amapempha yekha, ndipo khomo ndi lotsegukira aliyense, mzungu kaya mmwenye. Lamulo la ufulu wa anthu la 1964 sililola sukulu yolandira ndalama za boma kusankha anthu potengera mtundu. M'zaka za m'ma 1990 ena anakadandaula ku boma kuti nyumbazi zikuphwanya lamuloli, koma atafufuza anapeza kuti ayi, chifukwa palibe amene ankabwezedwa pakhomo. Akuda ambiri a ku Cornell sagona nkomwe ku Ujamaa. Nyumbayo imatenga ophunzira pafupifupi 140 okha.

Yerekezani ndi zimene zinkachitika ku University of the Free State, ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa. Kumeneko, ngakhale tsankho la apartheid linali litatha m'malamulo, ma hositelo anapitirira kukhala ogawikana: awa a azungu, awa a akuda. Akuluakulu atalamula kuti asakanizidwe, anyamata anayi achizungu a mu hositelo ya Reitz anajambula kanema wonyoza ganizolo, momwe anachititsa manyazi antchito asanu akuda a pa yunivesitepo, anthu amsinkhu wa makolo awo. Kanemayo anatulukira poyera mu February 2008 ndipo hositeloyo inatsekedwa chaka chomwecho. Reitz inali linga la amene anali kale ndi zonse, lomangidwa kuti ena asalowe. Ujamaa inamangidwa ndi amene ankathamangitsidwa, ndipo khomo analisiya lotsegula. Amene amati ziwirizi nchimodzimodzi amangoona mtundu wa anthu ali pakhonde, osafunsa kuti anafikapo bwanji.

Nyumba imene imandigwira mtima kwambiri ndi ina yaing'ono ya ku Cornell komweko, ya mabedi 35 okha, yotchedwa Akwe:kon. Inatsegulidwa mu 1991, ndipo inali yoyamba pa mayunivesite a ku America kumangidwa mwadala polemekeza eni nthaka a dzikolo, anthu amene azungu anawapeza. M'chilankhulo cha a Mohawk, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka yotchedwa Haudenosaunee, dzinalo limatanthauza "tonsefe". Pa makoma ake akunja pali zithunzi za malamba a mikanda yofiirira ndi yoyera, amene mitundu ya Haudenosaunee inkasungiramo mapangano ake. Cornell yeniyeniyo yakhala pa nthaka ya a Cayuga, mtundu winanso wa a Haudenosaunee, ndipo chuma chake choyambirira chinachokera ku malo amene boma linapereka kudzera mu lamulo la Morrill la 1862, malo olandidwa kwa eni nthaka. Mwana wa mitundu imeneyi akafika pa sukulu yotero, nkupeza nyumba imodzi yomwe khoma lake likulankhula chilankhulo cha agogo ake, sindiona cholakwa. Mu 1994 kunatsegulidwanso Latino Living Center, ophunzira ochokera m'mabanja a ku Latin America atachita zionetsero.

Anthu amene sanagwirepo ntchito ndi ophunzira amaganiza kuti hositelo ndi bedi ndi loko basi. Ife timadziwa kuti mwana sasiya sukulu chifukwa cha masamu okha. Mtsikana wina amene ndinamuthandiza kupita kunja anandiimbira foni patatha miyezi itatu. M'kalasi zinkamuyendera. Chimene chinkamuliza chinali choti mnzake wa m'chipinda ankatsegula mawindo onse ndi kupopera mankhwala onunkhiritsa iye akangotenthetsa chakudya chake, ndipo atsikana a pakhonde ankamugwira tsitsi osapempha, nkumufunsa ngati amalichapa. Anayamba kudya mobisa, m'chipinda chochapira zovala, ataimirira. Tsiku lonse ankakhala akudzifotokoza, ndipo pofika usiku analibe poti avule nkhope ya ulendo. Chaka chachiwiri anasamukira m'nyumba yonga Ujamaa ya pa sukulu yake. Anandiuza kuti Loweruka loyamba anakhala pansi pakati pa miyendo ya mnzake akumuluka tsitsi, mpunga ukupsa kukhitchini, ndipo anagona tulo kwa nthawi yoyamba. Makalasi ake, laibulale yake ndi anzake a m'gulu lowerengera anali omwe aja, a mitundu yonse.

Otsutsa ali ndi mfundo imene sindiitaya. Amati yunivesite ndi malo oti munthu akumane ndi osiyana naye, ndipo aliyense akathawira kwa ake, mwayiwo umatayika. Mu 1996 mkulu wa Cornell, Hunter Rawlings, anafuna kuletsa ophunzira a chaka choyamba kugona m'nyumbazi pa chifukwa chomwechi, koma ophunzira anakana mwamphamvu ndipo ganizolo linasinthidwa. Mantha anga ine ali pena: yunivesite ikhoza kumanga nyumba imodzi yotere nkusamba m'manja, ma hositelo ena onse nkuwasiya momwe analili. Ndiponso ndimadabwa kuti azungu akadzaza nyumba yonse okhaokha, monga zakhalira m'magulu ambiri a anyamata otchedwa fraternity, palibe amene amati adzipatula.

Mphepo yasintha ku America. Pa 29 June 2023 khoti lalikulu linathetsa kuganizira mtundu wa munthu posankha olowa ku yunivesite. Chigamulocho chinali cha kasankhidwe, koma mu February 2025 unduna wa maphunziro unalemba kalata yochenjeza sukulu, ndipo nkhani ya malo ogona inatchulidwamo. Makhoti anaimitsa kalatayo, komabe sukulu zambiri zinachita mantha nkuyamba kusintha mayina ndi malamulo a ntchito zotere. Choncho kholo lisadalire zimene linamva zaka zitatu zapitazo. Lemberani ofesi ya malo ogona, mufunse ngati nyumbayo ilipobe, amalowa ndani, mtengo wake ndi wofanana ndi ma hositelo ena kapena ayi, komanso ngati imakhala yotsegula pa tchuthi cha December, pakuti mwana wochokera kutali sangabwere kunyumba tchuthi chilichonse.

Mwana wa mayi aja ndinamuuza chinthu chimodzi chowonjezera. Akalowa m'nyumba yotere asaganize kuti khungu lokha lamupanga mwini nyumba. Anzake ambiri m'menemo ndi zidzukulu za anthu amene anagulitsidwa ukapolo, ndipo ali ndi mabala amene iye, wokulira m'dziko limene mphunzitsi, dokotala ndi pulezidenti onse ndi akuda, sanawamvepo m'thupi. Alowe ngati mlendo wodziwa kuodira, amvetsere kaye. Mtsikanayo anatenga cholembera nkuika nyumbayo pa nambala 2. Amayi ake anafunsa ngati kukhitchini kwake amalola kuphika nsima.