Mtunthama: mudzi umene unakulira m'mbali mwa Academy

Ukanyamuka pa boma la Kasungu n'kutsata msewu wa ku Nkhotakota, umadutsa minda ya fodya ndi chimanga, zigafa zili mbali ndi mbali, kenako umafika pa Mtunthama, m'dera la Mfumu Wimbe. Alendo ambiri dzinali amalidziwa chifukwa cha Kamuzu Academy basi. Koma Mtunthama analipo kale njerwa yoyamba isanaikidwe, ndipo chimene chinakokera sukuluyo kuno ndi mtengo umodzi wa kachere.

Pansi pa kachere ameneyo ndi pamene Hastings Kamuzu Banda, ali kamnyamata, anayambira a e i o u pa sukulu ya mishoni. Inali sukulu ya mwana aliyense wa m'mudzi wofuna kuphunzira, yokhala pansi, yopanda khoma. Atachoka apo anapita ku Chilanga, kenako ulendo wapansi mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni. Anabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958 ali dokotala.

Sukulu imene anadzamanga pa malo a ubwana wakewo inatsegulidwa mu Novembala 1981. Akuluakulu amene anaona ntchitoyo ikuyamba mpaka pano amaikamba modabwa. Pakati pa nyumba zofolera udzu panadzuka nsanja ya wotchi, damu lochita kukumba, bwalo la gofu, ndi laibulale yotengera mamangidwe a Library of Congress ya ku Washington. Atolankhani akunja anaitcha Eton ya mu Africa, poifanizira ndi sukulu ya ana a anthu olemera ya ku Mangalande. Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza. Aphunzitsi anali azungu okhaokha, ambiri ochokera ku Britain, chifukwa Kamuzu sankalola Mmalawi kugwira choko kumeneko. Ichi chokha chimandiwawa ndikachiganiza, pajatu ndi mtsogoleri yemweyo amene mu 1968 anakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko. Ena ankadandaulanso, mwamseri monga zinalili nthawi imeneyo, kuti ndalama zambiri zikuthera pa sukulu imodzi pomwe ana a pulayimale m'dziko muno akuphunzirabe pansi pa mitengo.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchiiwala. Ana ankasankhidwa kuchokera m'boma lililonse potengera kukhoza bwino, ndipo makolo sankalipira kanthu. Mwana wa mlimi wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa ankatha kufika pa geti ndi kachikwama kamodzi, n'kudzatuluka ali wokonzeka kulowa yunivesite. Ambiri mwa iwo lero ndi madokotala, maloya ndi mainjiniya.

Mudzi nawo unasintha nkhope. Sukulu yogonera komweko imafuna manja ambiri: ophika, ochapa zovala, alonda, akalipentala, otchetcha kapinga. Anthu anabwera kuchokera kutali kudzafuna ntchito, n'kukwatira konkuno, n'kukhazikika. Kutha kwa mwezi malipiro aja ankathera pa msika, m'magolosale ndi ku chigayo. Amene anali ndi malo anamanga nyumba za lendi, malata n'kuyamba kung'anima pamene kale panali udzu. Maesiteti a fodya ozungulira, ndi matenanti awo, anaonjezera chigulu. Pang'onopang'ono Mtunthama anasanduka malo oti si tauni koma si mudzi weniweninso: munthu m'mawa ali pa ntchito yolembedwa, madzulo wagwira khasu kudimba.

Mu 1994 Kamuzu anagonja pa chisankho kwa Bakili Muluzi, ndipo thandizo limene sukuluyo inkadalira linauma. Pa 25 Novembala 1997 mwiniwakeyo anamwalira ku Johannesburg. Kuno mantha anali akuti Academy itsekedwa, ndipo mabanja ambiri asowa pogwira. Sinatsekedwe. Inasanduka sukulu yolipira, mayeso ake ndi a Cambridge, ndipo Amalawi anayamba kuphunzitsa m'makalasi amene kale sankaloledwamo. Koma fizi yake si ya mlimi wodikira mabelo awiri atatu ku okushoni. Khomo lija la mwana wanzeru wosauka linachepa kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene dziko linataya chinthu chamtengo wapatali kuposa nyumba zokongolazo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti deralo silinangokhala kuyang'ana mpanda. Mpingo wa Anglican unakhazikitsa chipatala cha St Andrew's, kumene amayi a m'midzi yozungulira amakachilira m'malo mothamangira ku boma usiku. Ndipo m'dera lomweli la Wimbe, m'mudzi wa Masitala, William Kamkwamba anasiya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Mnyamatayo ankabwereka mabuku m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, n'kupanga makina opukusidwa ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga yakutha, mpaka babu inayaka m'nyumba mwa makolo ake.

Tsiku lotsegulira teremu, magalimoto ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amandandalika kulowera ku geti, masutikesi ali thothotho kumbuyo. Amayi a pa msika amakhala atayala kale nthochi, tomato ndi mtedza m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza akuimba mabelu, ndipo ana a pulayimale amadutsa chapansi, makope ali m'majumbo a shuga.