Kuyeza mphepo pamalo amene nawonso akuyenda

Ife a zanyengo timayeza mphepo pa mlongoti wotalika mamita 10, ndipo tikauzika lero, mawa timaupeza pomwepo. Pa nyanja ya Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, zimenezo kulibe. Pansi pamene mwapondapo ndi ayezi woyandama, ndipo mphepo imene mukufuna kuyezayo ndi yomwenso ikukankha malo anuwo.

Fridtjof Nansen wa ku Norway anazindikira zimenezi sitima yake, Fram, itagwidwa dala mu ayezi mu 1893. Anaona kuti ayezi satsata mphepo ndendende, amapatukira kudzanja lamanja ndi madigiri 20 mpaka 40. Mu 1905 katswiri wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, anafotokoza kuti chimachititsa ndi kuzungulira kwa dziko. Liwiro la ayeziyo limakhala pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a liwiro la mphepo. Si lalikulu ayi, koma malo akamatembenuka pang'onopang'ono, chipangizo chimene dzulo chinaloza kumpoto lero chaloza kwina. Mukapanda kukonza ndi GPS, manambala anu onse anama.

Pa ulendo wa kafukufuku wotchedwa MOSAiC, sitima ya ku Germany yotchedwa Polarstern inanyamuka ku Tromsø, ku Norway, pa 20 September 2019, n'kudzimangirira ku chibenthu cha ayezi, ndipo inabwerera ku Germany mu October 2020. Akatswiri anazika milongoti yokhala ndi zipangizo zoyezera mphepo zotchedwa sonic anemometer. Chipangizochi chilibe chozungulira. Chimatumiza kaphokoso pakati pa timitu take n'kuwerenga nthawi imene katenga, pakuti mphepo imakafulumizitsa kapena kukachedwetsa. Mdani wake ndi chisanu, chimene chimamata timituto. Munthu azikachotsa ndithu, mumdima wa miyezi ingapo, mnzake atanyamula mfuti kuopa zimbalangondo. Baluni yoyeza mpweya wa m'mwamba inkauluka maola 6 alionse.

Kwa ine nkhani yagona pa ming'alu. Ayezi akang'ambika, madzi a madigiri -1.8 amakumana ndi mpweya wa -30, ndipo kutentha kumathawira m'mwamba moti nyanja imafuka nthunzi. Kamng'alu kochepa kamasintha mpweya wa dera lalikulu.

Mwina mukuti bwanji osangodalira setilaiti? Setilaiti imadziwa mphepo ya panyanja poona timafunde, ndiye pa ayezi timafunde palibe. N'chifukwa chake kuyambira 1979 akatswiri amasiya pa ayezi timabokosi toyeza kupanikiza kwa mpweya, n'kumawerengera mphepo kuchokera pa manambala amene timatumiza, mpaka tsiku limene ayezi adzatiphwanye.