“Magazi sakuyenda” si dzina la matenda

Sabata satha ndisanamve mawu awa m’chipinda changa cha mafizo: “Adokotala, vuto langa ndi lakuti magazi sakuyenda bwino m’miyendomu.” Ndikafunsa kuti anakuuzani ndani, yankho limakhala mwana wa ku Joni, kapena mnyamata amene anabwera ndi kompyuta kutchalitchi, kapena kanema wa pa WhatsApp. Ndikafunsanso ngati alipo amene anakuvulani nsapato n’kugwira phazi lanu, pamenepo pamangoti zii. Koma makina afika kale kunyumba, ndipo agogo akhala akuwaponda miyezi.

Ambiri mwawaona makinawa. Ndi kachimbale kokhala ngati sikelo, munthu amakhala pampando n’kupondapo mapazi osavala sokosi, ndiye timagetsi tochepa timalowera kuphazi n’kumakoka akatumba. Odziwika kwambiri ku Britain ndi a Revitive, ngakhale ambiri ofika kuno alibe n’dzina lomwe. Ena amangonjenjemera n’kutenthetsa mapazi, ena ndi majombo aatali opopa mpweya. Sindidana nawo makinawa, ine ndemwe ndimagwiritsa ntchito magetsi otere pa odwala ena. Chimene chanditopetsa ndi kuona matenda anayi kapena asanu osiyana akuponyedwa m’dengu limodzi, dengulo n’kupatsidwa mankhwala amodzi.

Mbali ina chilankhulo chathu chimatisokoneza. Timati mitsempha, koma m’mwendo muli mitundu itatu ya zinthu zimene timazitchula dzina limeneli. Ilipo yotsitsa magazi kuchokera kumtima kupita kuphazi. Ilipo yobweza magaziwo kumtima. Ndiye pali yachitatu imene simuyenda magazi n’komwe, imene imatiuza kuti taponda minga kapena khala la moto. Makina a magetsi aja amathandizako pa mtundu wachiwiri wokha. Katumba wakumbuyo kwa msongolo akakokeka amafinya mitsempha yobweza magazi, magaziwo n’kukwera. Ndi zimene zimachitika mukamayenda, kapena mukamakweza ndi kutsitsa chidendene mutakhala pansi. Choncho agogo amene amakhala pampando tsiku lonse, mapazi n’kumalemera madzulo, akhoza kumvadi kupepuka akatsika pa makinawo. Izi sindikutsutsa. Koma mtsempha wotsitsa magazi umene waphimbika ndi mafuta sutseguka ndi magetsi, ndipo bondo limene linaperepeseka silimeranso chichereŵechereŵe chifukwa phazi lanjenjemera.

Pali bambo wina amene sindimuiwala. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa zaka za m’ma 70, wodwala shuga, ndipo anasuta fodya kuyambira ali mnyamata mpaka atapuma. Anayamba kumva katumba wakumanzere kuwawa akamapita kutchalitchi. Ankati akafika pamjigo ululu umamugwira, akaima pang’ono ngati akupereka moni, umatha, akayendanso mtunda womwewo, umabwerera. Aliyense amene anaphunzira za miyendo akamva nkhani yotere amadziwa kuti magazi ofika kukatumba akuchepa chifukwa njira yake yapanikizika. Mwana wake wamkazi, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande, anamva kuti “magazi sakuyenda”, ndipo mwachikondi chenicheni anasunga ndalama n’kutumiza makina. Bamboyo anali wosunga mwambo, m’mawa theka la ola, madzulo theka la ola, magetsi akazima n’kudikira mpaka ayake. Mtunda woyenda unkafupikirabe. Kenako ululu unasamukira ku zala, usiku. Anapeza yekha kuti akalendewetsa mwendo pambali pa bedi amapezako bwino, mpaka anayamba kugona pampando. Banja linaona ngati ndi ukalamba chabe. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti phazi likupempha magazi ngakhale munthu asakuyenda, ndipo zikafika apa nkhani yake ndi ya masiku, osati miyezi.

Pamene ankabwera naye kuchipatala, chala chaching’ono chinali chitada bii, phazi lili zii ngati mwala wa m’madzi. Mwendo unadulidwa m’munsi mwa bondo. Ine ndinakumana naye pomuphunzitsa kuyenda ndi ndodo, ndipo nditatsegula buku lake lachipatala ndinapezamo zolemba zanga. Chaka chimodzi m’mbuyomo anabwera kwa ine ndi bondo lakumanja. Mzere unali wautali tsiku limenelo, ndinamuonetsa masewero a bondo, anapita. Sindinamuvule nsapato. Wodwala shuga, wosuta fodya, wa zaka zimenezo, ndipo sindinagwire phazi lake. Mwana wake anandiimbira akulira, “Adokotala, kodi makina anga aja ndi amene adula mwendo wa adadi?” Ndinamuuza zoona, kuti makinawo sanatseke mtsempha, unali ukutsekeka kale. Chimene anachita ndi kupatsa banja lonse mtima wakuti chithandizo chayambika, miyezi n’kumapita. Chimene sindinathe kumuuza bwino pafoni ndi chakuti nanenso ndinali ndi mpata wanga.

Kuyeza kwake si kwa ndalama zambiri. Wachipatala amagwira pamwamba pa phazi ndi kumbuyo kwa kakolo kufuna kugunda kwa magazi, amayerekeza kutentha kwa mapazi awiriwo, amayang’ana pakati pa zala. Kumene kuli kachipangizo ka Doppler amayeza BP ya pakakolo n’kuigawa ndi ya pamkono, ndipo yankho likatsika pansi pa 0.9 ndiye kuti njira yapanikizika. Zikadziwika msanga, chithandizo chake ndi kusiyiratu fodya, kaya wa m’sitolo kaya chingambwe, kugwira shuga ndi BP, mankhwala a mafuta a m’magazi ndi oletsa magazi kugwirana amene dokotala angakulembereni, komanso kuyenda. Inde, kuyenda komwe kumawawako: kuyenda mpaka ululu ubwere, kupuma, kuyambanso, masiku angapo pa sabata kwa miyezi itatu. Mukapita ku kiliniki ya shuga ndi BP, vulani nsapato ndi sokosi musanaitanidwe n’komwe. Wachipatala wotopa ngati mmene ndinalili ine tsiku lija sangalumphe phazi limene lili kale poyera.

Tsopano mwendo wotupa. Ukatupa umodzi wokha, mwadzidzidzi, katumba n’kumawawa ndi kutentha, musauponde pa makina, musautikite, musauthowe. Akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha wamkati. Zimakonda kuchitika munthu akagona nthawi yaitali ndi matenda, akachitidwa opaleshoni, kapena akakhala mothinana pa basi yochokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, usana ndi usiku miyendo ili chipindire. Chibuluma cha magazicho chikasuntha chimakatsamira kumapapo, ndipo munthu akhoza kugwa pomwepo. Opanga makina odziwika aja amalemba okha m’kabuku kawo kuti asagwiritsidwe ntchito ndi amene ali ndi vuto limeneli, amayi oyembekezera, ndi amene anaikidwa kabatire kothandiza mtima kugunda. Koma kabukuko kali m’Chingerezi cha timalemba ting’onoting’ono, ndipo kawirikawiri kamatsala m’katoni. Miyendo ikatupa yonse iwiri, makamaka ngati munthu akubanika akagona chagada, tiyang’ane mtima ndi impso. Nthawi zina ndi mankhwala a BP otchedwa amlodipine amene amatupitsa akakolo, ndipo dokotala akhoza kungowasintha.

Dzanzi ndi kutentha kwa mapazi ngati waponda phulusa la moto, imeneyo ndi mitsempha yachitatu ija. Shuga ndiye amatsogola. Mowa, makamaka kachasu, umachitanso chimodzimodzi. Mankhwala a TB a isoniazid amatha kubweretsa zimenezi, n’chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine. Akuluakulu amene anayamba ma ARV kale, nthawi ya stavudine, ena anatsala ndi dzanzi mpaka lero ngakhale mankhwalawo anasiyidwa. Amene amwa mankhwala a shuga a metformin zaka zambiri vitamini B12 amatha kuwachepera. Phazi la dzanzi ndi limene ndimaliopera kwambiri makina otenthetsa. Mwini wake sakumva kanthu, ndiye amawonjezera mphamvu, n’kuwonjezeranso, mawa lake matuza. Pa munthu wa shuga thuza limodzi ndi lokwanira kuyambitsa chilonda cha chaka chathunthu. N’chimodzimodzi ndi kuwotha mbaula mapazi ali pafupi, kuviika m’madzi otentha osayamba wayesa ndi chigongono, ndi kutema mphini pa phazi lotere.

Nanga kukokana kwa usiku, kumene ambiri amagulira makinawa? Kuja katumba amangouma gwa pakati pa tulo, munthu n’kudzuka akukuwa, pakapita mphindi zochepa n’kumasuka, kutsala kuwawa kwa mawa lake. N’kofala kwambiri munthu akapitirira zaka 60, ndipo kwa ambiri sikuchokera ku kuchepa kwa magazi ayi. Choyamba ndimapempha kuona mapaketi onse a mankhwala, chifukwa okodzetsa monga HCTZ ndi furosemide, ndiponso salbutamol wa mphumu, amatha kukulitsa vutoli. Musasiye nokha mankhwala a BP, kambiranani ndi amene anakulemberani. Chachiwiri ndi kuwongola akatumba musanagone. Imani moyang’ana khoma, manja pakhoma, mwendo umodzi kumbuyo bondo lili chiwongokere, chidendene chisachoke pansi, ndiye tsamirani kutsogolo mpaka mumve kukoka. Werengani pang’onopang’ono mpaka 20, katatu mwendo uliwonse. Ku Netherlands, mu 2012, anayesa kuwongola kotere pa anthu opitirira zaka 55 kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo kukokana kunachepa. Kukakugwirani usiku, wongolani bondo n’kukokera zala kumsongolo, kapena dzukani muponde pansi.

Ndipo chonde, kwinini asiyeni. Ndikudziwa kuti alipo amene amauzana kuti kambewu kamodzi ka kwinini usiku kamathetsa kukokana. Bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza za zimenezi mu 2006 ndi kubwerezanso mu 2010, chifukwa kwinini amatha kugwetsa tizigawo ta magazi toletsa kukha mwazi ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Magnesium amene amagulitsidwa modula m’mabotolo okongola, kafukufuku ataunikidwa pamodzi sanaonetse kuti amathandiza okalamba pa vuto limeneli.

Za mawondo ndinena mwachidule chifukwa ndazinena kambirimbiri. Nyamakazi ya ukalamba, ija bondo limauma m’mawa kwa kanthawi, n’kumalira pokwera chitunda kapena podzuka pamphasa, mankhwala ake aakulu ndi kulimbitsa ntchafu ndi kuchepetsa thupi ngati lakula. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi osagwira, kawiri patsiku, kumaposa ola lathunthu pa makina. Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linanena mu 2022 kuti zithandizo za magetsi zotere zisaperekedwe pa nyamakazi imeneyi chifukwa umboni wake ndi wosakwanira. Kumeneko n’kumene ena mwa makinawa akugulidwa n’kutumizidwa kuno. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa mawondo ndi mankhwala a ululu monga indosidi, bulufeni ndi dayikolofenaki zogula pagolosale, kumwa tsiku ndi tsiku chaka chonse, munthu wa BP ndi shuga. Impso zimatha mwakachetechete, zilonda za m’mimba n’kuphulika. Mankhwala opaka pabondo ndi abwinoko kusiyana ndi omeza. Koma bondo limodzi likatupa, kutentha, munthu n’kumva malungo, limenelo ndi la kuchipatala lero lomwe.

Amene amandikwiyitsa zenizeni ndi aja oyenda ndi kompyuta m’matchalitchi ndi m’misika. Amakugwiritsani kachitsulo m’manja kwa mphindi imodzi, pepala n’kutuluka lonena kuti magazi, chiwindi, impso ndi mafupa zonse zavuta, mankhwala ake ali m’chikwama chomwecho. Palibe kachitsulo kogwira m’manja kamene kangaone mtsempha wa m’mwendo. Ena amakuviikitsani mapazi m’beseni la madzi a mchere muli kachipangizo ka magetsi, madzi aja n’kusanduka odera, iwo amvekere, “Mwaona poizoni amene watuluka?” Limenelo ndi dzimbiri la chitsulo chawo chomwecho. Auzeni ayatse beseni lopanda mapazi a munthu, muone ngati madzi sasintha. Aliyense amene akuyeza ndi kuchiza anthu m’dziko muno ayenera kukhala m’kaundula wa bungwe loona za ntchito zachipatala monga Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa chiphaso si mwano. Ndaona amayi amasiye atagulitsa matumba a chimanga chifukwa cha pepala lotere, kenako n’kusowa ya minibasi yopitira kuchipatala cha boma kumene akanayezedwa shuga ulere.

Kwa inu ana amene muli kunja, ndikudziwa kuti mtima umawawa mayi akamadandaula miyendo pafoni inu muli kutali, ndipo katoni yotumiza imakhala ngati dzanja lanu lafika. Musanalipire, afunseni mafunso awa. Ululu umabwera poyenda n’kutha akaima? Umawadzutsa usiku mpaka kulendewetsa mwendo? Phazi lina likuzizira kuposa linzake? Pali chilonda, ngakhale kakang’ono, chimene chatha masabata awiri? Watupa ndi mwendo umodzi? Akayankha inde pa limodzi lokha, ndalamayo ikhale ya thiransipoti ndi ya munthu wowaperekeza kuchipatala sabata yomweyo, ndipo ngati ndi mwendo umodzi wotupa kapena chala chosintha mtundu, tsiku lomwelo. Uzani mdzukulu ajambule mapazi onse awiri, pamwamba, pansi ndi pakati pa zala, akutumizireni. Akayezedwa n’kupezeka kuti magazi akufika bwino, khungu ndi lathunthu, akumva kukhudza, ndipo vuto ndi kulemera kwa miyendo chifukwa chokhalitsa, atumizireni makinawo ngati mungathe, ayambe ndi mphamvu yochepa, aziyang’ana mapazi akamaliza, ndipo asasiye kuyenda kupita kumunda kapena kwa anansi.

Mphunzitsi uja anaphunzira ndodo msanga kuposa achinyamata ambiri. Tsiku lomaliza anandifunsa ngati makina aja angawapereke kwa mlongo wake, amenenso amadandaula miyendo. Ndinamupempha kuti mlongoyo ayambe wabwera ndimuone. Anabwera Lachinayi lotsatira, ndipo shuga wake, amene anali asanayezetsepo chibadwire, anali pamwamba kwambiri.