Wodulidwa akamwalira: mbiri ya funso lomwe limatsala kumanda

Malume anga anamwalira ali wodulidwa mu mpingo. Anabatizidwa ali mnyamata, anadya mgonero zaka zambiri, kenako anatenga mkazi wachiwiri. Pobwera kumanda, azimayi awiri amene anali patsogolo panga ankanong'onezana. Wina anati, "Amenewa ndiye atayika basi." Mnzake anayankha kuti amene Yesu anamugwira dzanja samutaya. Onse awiri ndi a kwathu konkuno ku Ntcheu, onse amawerenga Buku Lopatulika limodzimodzi, ndipo mkangano wawowo unayamba agogo awo asanabadwe, kutali kwambiri ndi kuno.

Unayambira ku Netherlands. Mphunzitsi wina wa za Mulungu, Jacobus Arminius, anamwalira mu 1609, ndipo chaka chotsatira omutsatira analemba mfundo zisanu zotsutsana ndi chiphunzitso cha mpingo wawo. Mfundo yachisanu inkafunsa ngati wokhulupirira angathe kugwa n'kutayikiratu. Nkhaniyi inagwedeza dziko mpaka anaitanitsa sinodi mumzinda wa Dordrecht, yomwe inakhala kuyambira 1618 mpaka 1619. Yankho la sinodiyo ndi loyenera kulimva lonse, chifukwa ambiri amangogwira theka. Anati wotembenuka mtima moona angathe kugwa m'tchimo lalikulu ndithu, ndipo anatchula Davide ndi Petro. Tchimo lotero limakwiyitsa Mulungu, limamvetsa chisoni Mzimu Woyera, limavulaza chikumbumtima, ndipo munthu amatha nthawi osamvanso kuti Mulungu amamukonda. Koma anati Mulungu sachotseratu Mzimu wake mwa munthu wotereyu. Amamudzutsanso kuti alape.

Chiphunzitso chimenechi chinafika kuno kudzera ku South Africa ndi amishoni a Dutch Reformed Church. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikika pa Mvera mu 1889, Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, kenako Mlanda kuno ku Ntcheu mu 1902 ndi Mphunzi ku Dedza mu 1903. Pamene mpingowu unkalowa mu CCAP mu 1926, unalowa ndi katundu wake yense, kuphatikizapo zomwe anagwirizana ku Dordrecht zija.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti mpingo womwe umaphunzitsa kuti nkhosa ya Yesu palibe angaikwatule m'dzanja lake ndi womwewonso unatchuka ndi kudula anthu. Amishoni anapeza mowa wamasese pa mwambo uliwonse wa Angoni, mitala m'midzi, ndi gule wamkulu pakati pa Achewa a ku Dedza. Mkhristu akapezeka kudambwe, kapena wafulula mowa, kapena wapereka mimba, nkhani inkapita ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo ankamuletsa mgonero. Munthu wamba sanawerengepo za Dordrecht. Chomwe ankaona ndi maso ake n'chakuti mnansi wake dzulo anali pa gome la Ambuye, lero wakhala kumbuyo. Ndiye mumtima anangomanga mfundo yake: kudulidwa ndiko kutaya chipulumutso.

Sindikunena kuti chilango cha mpingo n'chopepuka. Katekisimu wa Heidelberg, wa mu 1563, amene mpingowu umatsatira, amanena mosabisa kuti amene akana kudzudzulidwa mobwerezabwereza amatsekeredwa kunja kwa Ufumu wa Khristu. Koma pomwepo amanenanso kuti akalonjeza kusintha n'kuonetsa kusinthako, amalandiridwanso. Cholinga cha kudula chinali kubweza munthu, ngati mmene mbusa wa ng'ombe amaponyera chibulumwa kutsogolo kwa imene ikulowera m'munda wa eni. Ndipo akulu a mpingo amaweruza zooneka; zomwe munthu wanena kwa Mulungu usiku womaliza pamphasa sizifika pa bwalo lawo.

Mayi woyamba uja nayenso sanangozitola mumsewu. Ntcheu sinakhalepo ya mpingo umodzi. Ku Dombole kunali a Zambezi Industrial Mission. Ku Gowa kunayamba a Baptist Industrial Mission, kenako malowo anapita m'manja mwa a Churches of Christ, omwe amaphunzitsa kuti wobatizidwa angathe kugwa n'kuchoka m'chisomo. John Wesley, tate wa Amethodisti, ankaphunzitsanso chimodzimodzi, ndipo mipingo yambiri ya Chipentekoste, monga Assemblies of God, inatengera mbali imeneyo. Iwo amatsegula Aheberi 6 ndi Aheberi 10, pomwe pali machenjezo oopsa kwa amene analawa mphatso yakumwamba n'kubwerera m'mbuyo. A mbali ya Dordrecht amatsegula Yohane 10 ndi Aroma 8. Chitsitsimutso cha obadwanso mwatsopano chitafalikira m'zaka za m'ma 1970, mawu akuti "wabwerera m'mbuyo" analowa m'nyumba iliyonse, ngakhale za a CCAP omwe.

Komatu mukawamvetsera bwino, palibe mbali yomwe imati tchimo lililonse limafafaniza dzina la munthu kumwamba, ndipo palibenso yomwe imati wotembenuka achimwe mmene angafunire. A mbali ya Wesley amati chomwe chimataya munthu ndi kuumirira m'tchimo mpaka kusiya chikhulupiriro. A mbali ya Dordrecht amati woumirira chotero mpaka imfa akuonetsa kuti sanatembenuke kuchokera pachiyambi, ndipo amaloza 1 Yohane 2:19. Pa munthu amene wagwa koma akulira ndi tchimo lake, onse amamuuza mawu amodzi: lapa, bwerera.

Malume ankapitabe kutchalitchi Lamulungu lililonse. Ankakhala pa benchi yakumapeto, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete anthu asanayambe kugawana mkate. Mkazi wachiwiri uja sanamusiye, poti anali atabereka naye ana anayi. Mwezi womwe anamwalira ndinawapeza pakhonde atatsegula Salimo 51, magalasi ali pamphuno, akuwerenga ndi chala.